Masiku Khumi ndi Limodzi

Sewero lathu linapuma mpweya masiku khumi ndi limodzi.
Khanda lotere ena salitcha n'komwe dzina,
koma ife tinalitcha Maambulera a Lachinayi.
Munali mu Philadelphia, chisanu cha Febuluwale chikuluma makutu.
Tinkati tikapsa kuno, akatiphulira ku New York.
Sitima inapita yokha.

Ine ndinali wa limba, pansi paja m'dzenje la oyimba,
m'mene umaona nsapato ndi fumbi basi.
N'chifukwa chake onsewo ndimawakumbukira kuyambira kuzidendene:
Wanda Kosciak, yemwe ankagunda thabwa kawiri ndi chala
asanakweze mawu;
Thaddeus Boone wovina, bondo lake lolira ngati chitseko;
mapasa a kwa Pellegrino,
osinthana mbali osauza munthu;
ndi mayi uja wa kwaya, wa nsapato zobiriwira, wosachedwa kulowa.
Dzina lake linandithawa chaka chatha.
Ndalifuna nyumba yonse ngati magalasi.

Saul Rabinek anapeka nyimbo makumi awiri ndi imodzi.
Yachisanu ndi chiwiri anailemba kuseri kwa lisiti la ochapa zovala,
pamwamba pa malaya anayi ndi thalauzi,
nandipatsa akunjenjemera, ati yesa, mwina n'zamkutu.
Nditaiyesa, mnyamata wokoka katani anaiwala chingwe.

A nyuzipepala anabwera Lachiwiri, zikhoti zili chonyowa.
Lachitatu anatipatsa mizere inayi, pansi pa malonda a matayala:
akuti nyimbo zake sizikakamira m'khutu.
Zaka makumi asanu zadutsa ndi zina pamwamba.
Abwere adzandichotse.

Chimbale sitinajambule, ndalama zinathera maambulera.
Mapepala a malipenga ndi azeze anawatsitsira m'chipinda chapansi,
paipi inaphulika chaka cha chisanu choopsa chija,
manotsi onse nasungunuka phala la inki.
Holoyo lero amaimikamo magalimoto.
Ndinalipirapo ola limodzi
kuti ndingoima pomwe panali mpando wanga.
Saul anatsikira kuli chete akuphunzitsa ana a eni kuwerenga manotsi.
Boone anagulitsa inshuwalansi mpaka bondo linakana.
Tinatha ngati makatani, ife amene tinkakhala kuseri kwake.

Latsala ndi buku langa lokha, la chikuto chong'ambika,
ndi zolemba za pensulo m'mphepete:
dikira Wanda apume,
chepetsa, Boone watopa,
usalire apa.

Lamlungu ndinawoloka mtsinje kupita ku Camden,
kunyumba yosungirako okalamba.
Wanda sadziwanso mwana wake, amamutcha nesi.
Limba la kumeneko lili ndi dzino limodzi lakufa,
lomwelo limene nyimbo imayambira.
Ndinalidumpha. Ndinayamba ndi lachiwiri.

Silipasi inagunda pansi.
Inagundanso.

Mawu anatuluka opyapyala ngati ulusi,
koma sanali mawu a m'buku langa.
Inali ndime ija Saul anaidula tisanatsegule,
naing'amba pamaso pathu, ati yatalika,
ndime yosalembedwa paliponse pansi pano.
Manja anga anali pa limba, pensulo ili m'chikhoti, pakhomo.
Ndikanasiya kuimba, akanasiya.
Ndinaimba. Ndinaimva ikudutsa, mzere ndi mzere,
ikupita komwe inachokera.

Pakati pake anaima, nakwinya nkhope,
kuyang'ana kumbuyo kwake, kumene kunali khoma
ndi kalendala ya kampani ya mankhwala.
Philomena, anatero, walowanso msanga iwe.

Philomena.
Philomena Drozd, wa nsapato zobiriwira.

M'basi ndinalilemba padzanja,
poopa kuti lingatsike pa siteshoni ina.
Za ndime ija ndagwirako mawu atatu okha,
ndipo limodzi mwa atatuwo ndikulikayika.